Nsima idikire kaye: kadyedwe ndi kuchira m'masabata 6 oyamba pambuyo pa opaleshoni yochepetsa thupi

Munthu akatuluka m'chipatala atachitidwa opaleshoni yochepetsa thupi, pamimba pake pamangooneka timabala tinayi kapena tisanu, tating'ono ngati podzicheka ndi lezala. Achibale akaona timabalato amati basi wachira, mutenthereni madzi a nsima. Koma bala lenileni lili mkati. Ngati anachita opaleshoni ya sleeve, dokotala anadula ndi kuchotsa magawo 75 mpaka 80 pa magawo 100 a chifu, ndipo chotsalacho n'chowonda ngati nthochi, cholowa mamililita 100 mpaka 150 okha. Ngati anachita ya bypass, chakudya chikufikira m'kathumba ka mamililita pafupifupi 30, kukula kwake ngati dzira, kolumikizidwa ku matumbo aang'ono. Njira zonse ziwiri zimasiya mzere wautali wosokedwa ndi timawaya, ndipo mzerewo umafuna masabata pafupifupi 6 kuti upole bwino. Malamulo onse ali m'munsimu abadwira pa mzere umenewu. Madokotala amasiyana pang'ono pa masiku osinthira zakudya, choncho pepala limene anakupatsani likasiyana ndi zalembedwa pano, tsatirani pepalalo.

Choyamba: musanachoke m'chipatala

Ambiri amagona m'chipatala tsiku limodzi mpaka atatu. Musatuluke opanda kalata yonena dzina lenileni la opaleshoni, tsiku limene inachitika, ndi mankhwala onse amene mwapatsidwa. Kwa amene akachitira ku India kapena ku South Africa, kalatayi ndi yofunika koposa pasipoti, chifukwa vuto likakupezani muli ku Chelstone kapena ku Kabwata mu Lusaka, dokotala wa kuno sadzakhala ndi nthawi yoyimbira foni kunja. Ijambuleni pafoni, ndipo wina wa pakhomo akhalenso nayo.

Kunyumba mupeze zinthu izi zili kale: kakapu koyezera mankhwala ka 30 ml, sefa ya timabowo tating'ono, mabotolo atatu a 500 ml, choyezera kutentha kwa thupi, supuni ya tiyi, ndi kambale ka pansi pa kapu. Blenda ndi yabwino, koma magetsi akazima kamtondo koyera ndi sefa zimagwira ntchito yomweyo.

Chachiwiri: madzi

Chimene chimabweza anthu ambiri kuchipatala m'masabata oyamba si njala ayi, ndi kuchepa kwa madzi m'thupi. Mukufunika malita 1.5 mpaka 2 patsiku, koma simungathenso kugugudiza kapu yonse ngati kale. Masamu ake ndi awa: kakapu ka 30 ml kamodzi pa mphindi 15 zilizonse ndi 120 ml pa ola. Mukachita zimenezi kwa maola 14 amene muli maso, mwamwa malita pafupifupi 1.7. Mukaiwala kuyambira m'mawa mpaka masana, simungabweze madzulo, chifukwa malo palibe. Tchererani alamu pafoni. Dzazani mabotolo atatu aja m'mawa, ndipo pofika nthawi yogona akhale atatha.

Tsiku loyamba ndi lachiwiri ndi la zakumwa zoonekera mkati zokha: madzi, msuzi wosefa wopanda mafuta, tiyi wa rooibos wopanda shuga. Imwani mopsontha, kamodzikamodzi, mutakhala tsonga. Musamwere kapaipi, chifukwa mumameza mpweya ndipo mpweyawo umakankha posokedwa paja. Zakumwa za gasi zonse ayi, ngakhale zolembedwa kuti zilibe shuga. Khofi adikire. Ambiri amapeza kuti madzi ozizira kwambiri amawapweteka pachifuwa pomwe ofunda amatsika bwino; kwa ena n'zosemphana, ndiye yesani muone.

Madzi akhale owiritsa kapena othira klorini. Lusaka ikudziwa bwino kolera ya 2023 ndi 2024, ndipo munthu amene chifu chake chimalandira 30 ml pa nthawi sangapirire kutsegula m'mimba ngati mmene ena amapiririra. Opaleshoni ikachitika mu September kapena October, dzuwa likuswa mtengo, kwezani mlingo ufike malita 2 ndipo khalani pamthunzi masana.

Mkodzo ndiwo mboni yanu. Uzikhala wachikasu chotuwa. Ukayamba kuoneka ngati tiyi wopanda mkaka, mukumva mutu, pakamwa pauma, mukamadzuka mukuona chizungulire, madzi achepa. Psonthani ORS, madzi a mchere ndi shuga obwezeretsa madzi m'thupi, pang'onopang'ono. Ngati kwa tsiku lathunthu chilichonse mukumwa chikubwerera, pitani akakuikeni diripu, musadikire kuti kuche kawiri.

Chachitatu: masabata 1 ndi 2, zamadzimadzi zokha

Lamulo lake n'losavuta: chilichonse chizidutsa pa sefa n'kuthirika ngati mkaka. Kachibulu kakang'ono ka phala kapena kachidutswa ka anyezi kakhoza kukakamira pa mzere wosokedwa.

Apa ndi pomwe nkhondo ya mapuloteni imayambira. Thupi likufuna magalamu 60 mpaka 80 patsiku kuti bala lipole ndiponso kuti lisadye minofu yake yomwe. Masiku oyambirira simudzafika pamenepo, koma muzikwera tsiku ndi tsiku. Mkaka wa 250 ml uli ndi magalamu pafupifupi 8. Mu theka la lita la mkaka wochepa mafuta mukasungunulamo masupuni aakulu 4 a mkaka wa ufa wopanda mafuta, mwawonjezera magalamu ena pafupifupi 10, ndipo botolo limenelo lafika cha m'ma 26. Chenjerani ndi ufa woyera wothira mu tiyi umene amaulemba kuti creamer: si mkaka, ndi mafuta ndi shuga, mapuloteni muli ochepa kwambiri. Ufa wa whey, wa mapuloteni ochokera ku mkaka, umapereka magalamu 20 mpaka 25 pa muyezo umodzi. Ndi wodula, koma m'masabata awiriwa ndalama yake siyipita pachabe. Sankhani wopanda shuga wambiri.

Ena akachitidwa bypass, mkaka umayamba kuwatupitsa m'mimba ndi kuwatsegula. Zikatero yesani yogati wopanda shuga kapena mabisi osefa, amene amagayika mosavuta. Mabisi ake akhale a m'sitolo opangidwa ndi mkaka wophika, osati ogula m'chigubu pamsewu.

Msuzi wa nkhuku ya kumudzi umalemekezedwa kwambiri pakhomo pa wodwala, ndipo ndi wabwino pa madzi ndi mchere. Koma kunena zoona, mapuloteni amatsalira mu nyamayo, mumsuzi mumalowa ochepa. Musauwerengere ngati chakudya cha tsikulo. Chimodzimodzi phala: la ufa wa breakfast, lamadzimadzi kwambiri ndiponso losefa, likhoza kumwedwa, koma palokha ndi sitachi chabe. Liphikeni ndi mkaka m'malo mwa madzi, shuga osathira.

Maheu a m'botolo, munkoyo, chibwantu, thobwa, juwisi ndi zigolo zichoke pamndandanda. Zonsezi ndi shuga kapena sitachi wamadzi, ndipo zofufumitsa zimabweretsanso mpweya.

Chachinayi: masabata 3 ndi 4, zopota ngati za mwana

Tsopano chakudya chikhale chosalala ngati phala la khanda la miyezi 6, chogwa chokha pa supuni. Mlingo ndi masupuni aakulu 2 mpaka 4 pa nthawi, kanayi mpaka kasanu ndi kamodzi patsiku. Masupuni anayiwo akutengereni mphindi 20 mpaka 30. Idyerani supuni ya tiyi, ndipo muziiika pansi mukameza kamodzi.

Zoyenera zili pa msika wa Soweto ndi pa msika uliwonse wa mukomboni. Nsomba yaiwisi monga bream iwiritseni, muchotse khungu ndi minga yonse ndi zala, muipote ndi msuzi wake. Nyama ya nkhuku ya pantchafu imapoteka bwino kuposa ya pachidale, imene imauma. Nyemba ziphikeni mpaka zitaphulika, muzikanikize pa sefa kuti makoko atsale. Yambani ndi supuni imodzi chifukwa zimadzaza mpweya. Dzira lofewa lophika ndi mkaka pamoto wochepa lili ndi magalamu 6. Kapenta wouma ali ndi mapuloteni ndi kashiamu wambiri, koma amafuna ntchito: mviikeni kuti mchere ndi mchenga zichoke, mudule mitu, muwiritseni mpaka afewe, musinje, musefe. Dzungu, karoti, papaya ndi kotapela pang'ono zibwere pambuyo pa ndiwo za mapuloteni ngati malo atsala.

Kuyambira pano lamulo lovuta kwambiri likuyamba: osamwa pakudya. Siyani kumwa mphindi 30 musanadye, ndipo dikirani mphindi 30 mutadya. Madzi akalowa pamodzi ndi chakudya, mwina amadzaza chifu n'kukusanzitsani, mwina amakankhira chakudya m'matumbo msanga.

Kukhuta kwasinthanso nkhope. Simudzamva mimba kudzaza ngati kale. Mudzamva kulemera pansi pa fupa la pachifuwa, kapena ntchirikwitchi, kugeya, ena mpaka kuyetsemula kapena mamina kuchucha. Chizindikiro choyamba chikangobwera, siyani, ngakhale patatsala supuni imodzi. Supuni imodzi yomweyo ndiyo imabweretsa malovu a thovu ndi kusanza. Mukasanza chakudya china, bwererani ku zamadzimadzi kwa tsiku limodzi, ndipo chakudyacho mudzachiyesenso patatha sabata.

Pa nkhani yosunga: popeza mukudya pang'ono, mumafuna kuphika zambiri n'kuika mufiriji. Magetsi akamazima maola ambiri, zopota za nsomba ndi nkhuku zimawonongeka msanga kuposa nyama yathunthu. Phikani za tsiku limodzi, ndipo zimene zakhala panja kupitirira maola awiri zitayeni.

Chachisanu: masabata 5 ndi 6, zofewa, ndi funso la nsima

Chakudya chimene foloko ingaphwanye popanda mphamvu chaloledwa: nsomba yowiritsa, nyama yogaya yophika ndi msuzi wambiri, nyemba zofewa, ma soya pieces oviika ndi kudula tizidutswa, dzira, nthochi yakupsa, chibwabwa chosenda bwino ndi kuphika mpaka chifewe, impwa zochotsa khungu. Nthongo iliyonse ikhale ngati njere ya nsawawa, ndipo itafunidwe ka 20 mpaka 30 isanamezedwe. Mlingo umakwera pang'onopang'ono mpaka theka la kapu. Chakudya chatsopano chiyesedwe chimodzi patsiku, kuti chikakuvutani mudziwe kuti ndi chiti.

Nsima ndiyo aliyense amafunsa. Vuto lake ndi lakuti timaimeza osatafuna kwenikweni, ndipo ikafika m'chifu chopapatiza imakhala ngati phula, kutseka njira. Munthu amamva ululu pachifuwa ola lathunthu, malovu ali chuchuchu. Ikapanda kutseka, imatenga malo onse amene akanalowa nsomba kapena dzira. Mpunga, buledi wofewa, makaroni, chinangwa ndi vitumbuwa zili m'gulu lomwelo. Dikirani sabata ya 6 mpaka ya 8 ipite. Mukayamba, iphikeni yofewa, mutenge kambamu kosaposa chala chachikulu, mukagawe tinthongo, mudye pomaliza ndiwo zitalowa kale. Kwa inu tsopano ndiwo ndiye chakudya, nsima ndiyo ndiwo.

Michopo, T-bone ya pa Matebeto, nkhuku yokazinga, chimanga chootcha, nsawawa zokazinga, mango a ulusi, makoko a mkati mwa lalanje ndi mapesi a repu zidikire miyezi ingapo. Ndiwo zotendera zikhale za nsinjiro zochepa, chifukwa nsawawa zili ndi mafuta ambiri.

Thukuta ndi kunjenjemera mutangodya

Madokotala amatcha vutoli dumping, ndipo limavuta kwambiri a bypass. Chakudya cha shuga kapena mafuta ambiri chikagwera m'matumbo mwadzidzidzi, chimakoka madzi kuchokera m'magazi. Pakatha mphindi 10 mpaka 30 munthu amatuluka thukuta, mtima kugunda, nseru, m'mimba kupota, kenako kutsegula. Gonani pansi mpaka zidutse. Mtundu wachiwiri umabwera patatha ola limodzi mpaka atatu: thupi latulutsa insulin wochuluka, shuga wa m'magazi wagwa, munthu akunjenjemera ndi kusokonezeka. Pamenepo pamafunika kashuga pang'ono kuti adzuke, kenako chakudya cha mapuloteni. Njira yopewera ndi yomweyi yanenedwa kale: shuga ayi, madzi pakudya ayi, kudya mofulumira ayi.

Chachisanu ndi chimodzi: mankhwala

Brufen, diclofenac, aspirin ndi ena a gulu limenelo amayambitsa zilonda pa mzere wosokedwa. Kwa a bypass, awa ndi oletsedwa moyo wonse pokhapokha dokotala atanena mwapadera. Mankhwala ambiri a mutu ndi chimfine ogula pa kantemba ali ndi aspirin mkati, ndiye werengani pepala lake. Ululu uthetsedwe ndi paracetamol, makamaka wamadzi m'masiku oyamba. Omeprazole, woteteza chifu, amamwedwa miyezi ingapo. Kapisozi wake mukhoza kumutsegula, koma timibulu ta mkati musatafune. Mapiritsi olembedwa SR, XR kapena MR, amene amatulutsa mankhwala pang'onopang'ono m'thupi, sayenera kuphwanyidwa. Funsani kuti akusinthireni.

Odwala shuga amvetsetse izi: shuga amatsika m'masiku ochepa chabe opaleshoni itachitika, thupi lisanachepe n'komwe. Kupitiriza mlingo wakale wa insulin kapena glibenclamide kukhoza kumukomola munthu. Dziyezeni kangapo patsiku ndipo mlingo usinthidwe ndi dokotala. A BP nawonso, makamaka amene amamwa mapiritsi okodzetsa, aonedwe msanga chizungulire chikayamba.

Amene ali pa ma ARV asadumphe ngakhale tsiku limodzi, ndipo akliniki adziwe za opaleshoniyo. Pali msampha umodzi: dolutegravir, amene ali mu TLD, amagwirana ndi kashiamu ndi ayironi n'kulephera kulowa bwino m'magazi. Imwani TLD maola awiri musanamwe kashiamu kapena ayironi, kapena maola 6 mutamwa. Pemphani kuti viral load iyezedwe pakapita miyezi ingapo.

Mavitamini si a masabata 6 okha, ndi a moyo wonse. Nthawi zambiri amakhala multivitamin tsiku lililonse, calcium citrate 1,200 mpaka 1,500 mg wogawa kawiri kapena katatu patsiku, vitamini D, ayironi makamaka kwa amayi amene akusamba, ndi jakisoni wa B12 pa miyezi itatu iliyonse. Kashiamu ndi ayironi asiyane maola awiri, ndipo ayironi musamwere tiyi. Vitamini B1 thupi limasunga wa masabata awiri kapena atatu okha. Munthu amene wakhala akusanza masiku ambiri n'kuyamba kudzandira, kuona ziwiriziwiri, kuiwala kapena dzanzi kumiyendo akufunika jakisoni wa B1 tsiku lomwelo, ndipo auzeni anamwino kuti amupatse asanamuike diripu ya shuga.

Chachisanu ndi chiwiri: kuyenda ndi kunyamula

Magazi kuundana m'mitsempha ya miyendo ndi ngozi yeniyeni mwezi woyamba. Dzukani muyende mphindi 5 mpaka 10 pa maola awiri alionse masana, ngakhale kuzungulira nyumba kokha. Ngati munapatsidwa majakisoni a pamimba ochepetsa kuundana, malizani onse. Obwera pa ndege afunse dokotala tsiku loyenera kunyamuka, avale masokosi othina a kuchipatala, aziyenda m'kanjira ka ndege, botolo la madzi lili m'manja mpaka atatera pa bwalo la ndege la Kenneth Kaunda.

Kwa masabata 4 mpaka 6 musanyamule choposa makilogalamu 5. Chigubu cha malita 20 ndi makilogalamu 20. Thumba la ufa, saka la makala, beseni la zochapa ndi mwana wa zaka ziwiri zonse zapitirira. Timabala tija tisambitsidwe ndi madzi oyera, tipukutidwe mosisita pang'ono, ndipo pasapakidwe mafuta kapena mankhwala a zitsamba.

Kutentha thupi: musathamangire kunena kuti ndi malungo

Kuno thupi likatentha, maganizo amathamangira ku malungo, munthu n'kugula Coartem, n'kugona. Kwa munthu amene wangochitidwa opaleshoniyi chizolowezi chimenechi chikhoza kupha. Mzere wosokedwa ukabooka, nthawi zambiri m'sabata yoyamba kapena yachiwiri, zamkati mwa chifu zimadonthera m'mimba, ndipo chizindikiro choyamba sichikhala ululu nthawi zonse. Chimakhala mtima kuthamanga. Ikani zala ziwiri pamkono, muwerenge kwa masekondi 30, muchulukitse kawiri. Ukapitirira 120 pa mphindi munthu ali chikhalire ndipo sukutsika, nyamukani mupite kuchipatala.

Nyamukaninso thupi likatentha kufika 38, ululu wa m'mimba ukamakula m'malo mochepa, mukamabanika kapena kumva kubaya pachifuwa, katumba wa mwendo umodzi akatupa ndi kuwawa, mukasanza magazi kapena chimbudzi chikada bii ngati phula. Phewa lakumanzere limawawa masiku awiri kapena atatu oyamba chifukwa cha mpweya umene anapopera m'mimba, ndipo limachepa mukamayenda. Likabwereranso pambuyo pake pamodzi ndi kutentha thupi, si mpweya umenewo. Pitani kwa amene anakuchitani opaleshoni, kapena ku chipatala chachikulu chokhala ndi madokotala a opaleshoni usiku ndi usana monga UTH kapena Levy Mwanawasa, kalata ija ili m'manja. Malungo ayezedwe ndithu, koma mawu oyamba polowa akhale akuti, "Ndinachitidwa opaleshoni ya chifu masiku akutiakuti apitawo."

Za pakhomo

Kudzimbidwa n'kofala chifukwa zolowa zachepa ndipo ayironi amaumitsa. Masiku atatu akadutsa opanda kanthu, wonjezerani madzi ndi kuyenda, ndipo funsani za mankhwala ofewetsa. Cha m'sabata yachitatu sikelo imaima kwa ambiri. Si kuti opaleshoni yalephera, choncho dziyezeni kamodzi pa sabata basi. Tsitsi limathothoka pakati pa mwezi wachitatu ndi wachisanu ndi chimodzi, kenako limameranso. Mowa udikire miyezi 6 kapena kuposa, ndipo ukadzabwera udzakugwirani msanga kuposa kale. Fodya ndiye ayi. Amayi apewe pakati kwa miyezi 12 mpaka 18. Kubereka kumabwerera mwadzidzidzi thupi likamachepa, ndipo pambuyo pa bypass mapiritsi olerera sadalirika, choncho funsani za lupu kapena kolowetsa pamkono. Magazi ayezedwe pa miyezi 3, 6 ndi 12, kenako chaka ndi chaka.

Chovuta china chimabwera ndi chikondi. Apongozi kapena azakhali afika ndi bakuli la nsima ndi nkhuku, aona masupuni atatu pa kambale, ayamba: "Mwanawe, ungachire ndi timeneti? Idya, upeze mphamvu." Kukana chakudya cha wamkulu n'kovuta, ndipo wodwala sayenera kulimbana nazo yekha. Musankhe munthu mmodzi pakhomo, mwamuna, mkazi kapena mchemwali, amene anamva yekha malangizo a dokotala, kuti aziyankha iye: "Amayi, adokotala anati chifu chidakali ndi ulusi, nsima ayamba mwezi wamawa. Nkhukuyi tiipota, adya madzulo." Nkhuku ilowe mu blenda ndi msuzi wake, nsima adye ana.